Lero ka lathe kanga kayamba kudya

Loweruka usiku, ku Area 25.

Ndikulemba izi zala zikununkhabe oyilo ngakhale ndasamba kawiri ndi sopo. Ndinadzuka kusanayere chifukwa mtima unali kukhonde lakuseri kumene ka lathe kanga kakhala masabata atatu kali kophimbidwa ndi chitenje chakale cha mayi a ana. Fumbi la Okutobala muno mu Lilongwe silichita manyazi, limalowa paliponse, ndipo likasakanikirana ndi oyilo wa pa njanji za makina limasanduka msasa wopalira zitsulo. Ndiye ntchito yoyamba inali kupukuta ndi kuthira oyilo watsopano.

Kwa amene simunaionepo, lathe ndi makina amene amagwira chitsulo n'kumachizunguza, mpeni n'kumachipala chili kuzungulira, monga mmene akalipentala ena amazunguzira mtengo posema miyendo ya tebulo. Pa lathe wamba, mmisiri ndiye amayendetsa mpeniwo ndi zogwirira ziwiri. Pa ya CNC pali mamota awiri pamalo pa manja a munthu, ndipo mamotawo amamvera kompyuta. Kanga ndi kakang'ono, anthu awiri titha kukanyamula. Ndinakagula kwa bambo wina amene ankasamuka, ndipo iye ndi amene anakamangirira mamotawo ndi kabolodi ka Arduino Uno kokhala ndi pulogalamu ya GRBL, imene imayendetsa mamotawo. Buku lililonse panalibe, anangondipatsa waya wa USB ndi kundifunira mafuno abwino.

Cha m'ma 8 koloko amalume anafika kuchokera ku Kawale, atanyamula kachikwama kawo ka nsalu. Munthuyu wadya moyo wake wonse pa lathe ku kampani ina ku Kanengo mpaka kupuma ntchito, koma kompyuta sanaigwirepo. M'kachikwamamo munali vernier yawo yakale, chipangizo choyezera kunenepa kwa zinthu, yokutidwa m'kansanza, rula yachitsulo, ndi chidutswa cha nailoni cha mamilimita 25 kunenepa kwake. Tiyi anakana kaye. Anazungulira makinawo kawiri, kugwira apa, kugwedeza apo, kenako anati, “Mphwanga, usanayatse chilichonse, kiyi wa chuck ali kuti?” Anali pomwepo pa chuck, mbali ya makina imene imagwira chitsulo n'kumazungulira nacho. Anamuchotsa osanena kanthu, n'kundiika m'dzanja. Kenako anandiuza kuti kiyi ameneyo dzanja likamusiya, azikhala ali pa tebulo, chifukwa makina akazungulira ali pomwepo amauluka ngati mwala wa legeni. Anandivulitsanso wotchi, kundipinditsa manja a malaya, n'kundiletsa magolovesi amene ndinagula dzulo poganiza kuti ndikudziteteza. Pa makina ozungulira, golovesi ikakodwa imapita ndi dzanja lomwe. Magalasi okha ndiwo anawavomereza.

Ntchito imene ndinadzipatsa lero ndi bushi ya wilibala, kachubu kamene kamakhala pakati pa bowo la tayala ndi shafiti yake. Mayi ena apafupi pano amagulitsa makala ndipo tayala la wilibala yawo lakhala likuyenda mopepeluka kwa miyezi, bushi yake inadyeka. Ndinayeza dzana: kunja ikufunika mamilimita 22, bowo la shafiti mamilimita 16. Ndinkafuna kuti chinthu choyamba kutuluka m'makinawa chikagwire ntchito pa munthu weniweni.

Pa laputopu ndinaika Universal Gcode Sender, pulogalamu yaulere imene imatumiza malamulo ku kabolodi kaja. Malamulowo amatchedwa G-code, ndipo sali ovuta monga ndinkaopera. G21 ndi kuuza makina kuti tikulankhula m'mamilimita osati mainchesi. G0 ndi kuthamangitsa mpeni usakudula kanthu, G1 ndi kuyenda mzere wowongoka ukudula, pa liwiro limene walemba pambuyo pa F. Pa lathe njira ndi ziwiri basi: Z imayenda motsata kutalika kwa chitsulo, X imalowa kupita pakati pake kapena kutuluka.

Ndinalumikiza waya, laputopu inayankha, ndinadina kabatani, ndipo mota unalira kamawu kake kaja, mpeni n'kusuntha wokha. Sindibisa, thupi linachita tsemwe. Mwana wanga wamkazi amene anaima pakhomo anathamangira m'nyumba kukaitana amake.

Amalume sanatengeke. Anati ndiuze makinawo ayende mamilimita 10, iwo ayeze. Ndinalamula 10 pa Z. Vernier inati 5. Tinabwereza, 5 yemweyo. Apa ndi pamene ndinakhala pansi ndi pensulo, ndipo ndikufuna ndilembe bwino chifukwa aliyense wogula makina ngati awa adzakumana nazo. Mamota amenewa ndi a mtundu wa stepper, sazungulira mwachisawawa ayi, amayenda timasitepe towerengeka, 200 kuti akwanitse kuzungulira kamodzi. Kabokosi koyendetsa mota kamagawanso sitepe iliyonse m'tizidutswa. Ndodo ya mazinga imene imakankha mpeni pa makina anga imasuntha mamilimita 2 ikazungulira kamodzi. Mu GRBL, nambala ya masitepe pa milimita imodzi ya Z imasungidwa pa $102, ndipo ndinapeza pali 800. Kuwerengera kwake ndi masitepe 200 kuchulukitsa ndi tizidutswa 8, kugawa ndi mamilimita 2. Koma nditatsegula kabokosi kaja ndinapeza timaswichi take tili pa 16, osati pa 8. Ndiye makina ankawerenga masitepe okwanira mamilimita 10 m'mutu mwake, pamene pansi ayenda theka. Ndinasintha kukhala 1600, tinayezanso, vernier inati 10 ndendende. Ndinaonanso $100, ya X, nayo inali ndi vuto lomwelo. Amalume anangogwedeza mutu, ndipo tiyi uja anamulandira tsopano.

Titamwa tiyi ndi mbatata, tinamanga nailoni uja pa chuck. Ine ndinali wokonzeka kudula, iwo anati mpeni sunakhale bwino. Chimene anachita apa sindidzachiiwala. Makina ali chozima, anatenga rula yachitsulo ija n'kuiimika pakati pa nsonga ya mpeni ndi nailoni, kenako anati ndisunthe mpeni pang'onopang'ono mpaka uipanikize mosalimbitsa. Anachotsa dzanja, rula inaima yokha, koma mutu wake unaweramira kwa ife. “Waona? Ikaweramira kwa iwe, mpeni watsika. Ikaweramira uko, wakwera. Ikaima chilili ngati msilikali, ndiye kuti uli pakati penipeni.” Anadula tizidutswa tiwiri ta chitini cha mkaka ndi sizasi, n'kutiika pansi pa mpeni. Ulendo wachiwiri rula inaima njo. Mpeni wotsika umasiya kamchombo pakati ukamapala kumaso kwa chitsulo, wokwera umangokhula m'malo modula. Pa laputopu palibe pamene pakanandionetsa zimenezi. Kompyuta imadziwa X ndi Z, za kukwera kapena kutsika kwa mpeni ilibe nazo diso.

Kenako ndinalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake ndi kumene kwandikhalitsa pansi kuti ndilembe usiku uno.

Ndinagunditsa mpeni pakhungu la nailoni, n'kunena kuti apa ndi X ziro. Nailoni ndi 25, ndikufuna 22, kusiyana kwake ndi 3. Choncho ndinalemba kuti mpeni ulowe katatu, milimita imodzi ulendo uliwonse, mpaka X-3. Ndinayatsa chuck pa liwiro lozungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi, ndinadina, ndipo kanthu kanayamba kudya. Zopalidwa zoyera zinatuluka ngati ulusi wautali wosaduka, n'kumazengerezeka pa chuck. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti likazichotse, amalume analigwira m'mwamba. Anati zimenezo zimachotsedwa makina ataima, ndiponso ndi kawaya kokhota, osati ndi zala. Mpeni unamaliza, unabwerera pamalo pake, ndipo khungu la nailoni linali see, losalala ngati kandulo. Ndinaika vernier ndili ndi chimwemwe. Inati 19.

Ndinayamba kukayikira masitepe aja, mwina ndawerengera molakwika. Amalume anatola kamtengo n'kujambula bwalo padothi. Analoza mbali imodzi, nati mpeni wadya apa mamilimita 3. Kenako analoza mbali inayo, nati koma chinthuchi chikuzungulira, ndiye uku nakonso kwadyedwa 3. Zonse pamodzi 6. Ndi phunziro limene ankapatsa anyamata ophunzira ntchito sabata yoyamba: chimene mpeni walowa, kunenepa kwa chitsulo kumachepa kawiri. Ndinafunika kulowa 1.5 basi.

Masana ndinawerenga za nkhaniyi ndipo ndinapeza kuti mapulogalamu opangidwira lathe amalikonzera vutoli. Mu LinuxCNC, pulogalamu ina yoyendetsera makina otere, muli lamulo la G7, limene limauza makina kuti nambala za X ndi kunenepa konse kwa chitsulo, ndi G8 ya theka lake. GRBL wamba alibe zimenezi chifukwa anapangidwira makina ena, aja amene mpeni ndiwo umazungulira chinthu chili chigonere. Alibenso njira yodulira mazinga a bawuti, poti kudula mazinga kumafuna kuti kompyuta izidziwa pamene chuck yafika pa kuzungulira kulikonse, ndipo zimenezo zimafuna kachipangizo kowerengera kotchedwa encoder. Ineyo maganizo anga ndi akuti woyamba kumene asathamangire zimenezi. GRBL ndi wokwanira kuphunzirira. Koma tsiku lina ndidzasaka kompyuta yakale ya pa desiki yokhala ndi parallel port, polumikizira waya wa mapulinta akale, kuti ndiikemo LinuxCNC, imenenso ndi yaulere, chifukwa mabawuti a mazinga achilendo ndi amene anthu amavutika kuwapeza m'magaraja a ku Biwi. Za Fusion 360 ya Autodesk, imene imajambula chinthu n'kukulembera G-code yokha, ndaziika pambali kaye. Imafuna intaneti pafupipafupi ndi laputopu yamphamvu kuposa yanga, komanso ndikufuna ndiyambe ndadziwa tanthauzo la mzere uliwonse ndisanalole pulogalamu kundilembera mizere 300 imene sindingathe kuiwerenga.

Tinadula mbali yowonongekayo ndi sowo, n'kuyambanso. Ndinalemba maulendo atatu a theka la milimita. Ulendo woyamba unatha bwino. Wachiwiri uli pakati, magetsi anathima.

Laputopu inakhalabe yoyaka chifukwa cha batire, ndipo inkaonetsa manambala ngati zonse zili bwino, koma chuck inali itaima mpeni uli m'kati mwa nailoni. Mamota a stepper sabweza mawu ku kompyuta kuti ndafika pakuti. Kompyuta imangowerenga masitepe amene yatumiza n'kukhulupirira kuti ayendedwa. Ndiye magetsi akapita, manambala a pa laputopu ndi malo enieni a mpeni zimasiyana. Ndinazimitsa swichi ya pakhoma kuti makina asadzidzimuke okha magetsi akabwera, ndinabweza mpeni pozungulitsa ndodo ya mazinga ndi dzanja, ndipo tinapita kukadya nsima ya usipa ndi chigwada imene mayi a ana anaphika pa mbaula.

Pa mphasa amalume anafotokoza za masiku awo ku Kanengo, mmene ankadziwira kuti mpeni wabuntha pongomva kulira kwake, ndi mmene mtundu wa zopalidwa za chitsulo umakuuzira kuti liwiro lachuluka zikayamba kutuluka zabuluu. Anandifunsanso, mosanyoza, kuti makina amenewa akatha kupanga bushi imodzi angathe kupanga zina 50 zofanana osatopa. Ndinati inde, bola mpeni ndi ziro zisasunthe. Anakhala chete kanthawi, kenako anati pa ntchito yotere iwo ankathera masiku awiri ali chiimire, msana ukuwawa.

Magetsi anabwera cha m'ma 3 koloko. Tisanadule, anandionetsa chinthu china. Anati ndilowetse mpeni milimita imodzi, kenako ndiubweze milimita imodzi, iwo akuyang'ana. Sunabwerere pamalo pake penipeni, unaperewera pafupifupi 0.1. Ndi kampata ka pakati pa ndodo ya mazinga ndi nati yake, kamene amisiri amati backlash. Mota ukasintha kolowera, umayamba wazungulira pachabe kutseka kampatako. GRBL sakonza zimenezi, koma mankhwala ake amalume anali nawo kale: nthawi zonse fika pa muyeso wako kuchokera mbali imodzi. Ukafuna kubwerera, bwerera mopitirira, kenako ulowenso. Ndinawonjezera mzere umodzi pa ulendo uliwonse kuti mpeni uzituluka mamilimita 2 usanalowenso.

Popeza khungu la nailoni linali litadyedwa kale, ndinapala pang'ono, kuyeza, n'kuwerengera chotsala kuchokera pa muyeso umenewo, ndikukumbukira kugawa ndi 2. Ulendo womaliza ndinachepetsa F kuti pasalale. Vernier inati 22.05. Amalume anaitenga, anayeza okha malo atatu, kumapeto, pakati ndi kufupi ndi chuck, n'kundibwezera osalankhula. Bowo tinaboola ndi manja kuchokera ku tailstock, mbali ya makina yoyang'anizana ndi chuck, kuyamba ndi kadirilo kakang'ono kolozera pakati, kenako 10, kenako 16, tikutulutsa dirilo pafupipafupi chifukwa nailoni akatentha amasungunuka n'kugwira.

Dzuwa likupendeka tinapita nayo kwa mayi a makala aja. Mnyamata wawo anachotsa tayala, ine ndinaika bushi pakamwa pa bowo, amalume anaikhoma ndi chidutswa cha thabwa, ndipo inalowa mokanirira pang'ono monga ifunikira. Tinabwezera tayala, mnyamatayo anakweza thumba la makala n'kuikankha mpaka pa mpopi ndi kubwerera, tayala likuyenda mowongoka, kulira kuja kutatha. Mayiwo anafunsa kuti ndi zingati. Ndinati iyi ndi yophunzirira. Anatumiza mwana ndi jumbo ya makala kunyumba, ndipo anati mlamu wawo ali ndi mawilibala awiri odwala nthenda yomweyo.

Amalume ndinawaperekeza kukakwera minibasi. Vernier yawo aisiya kuno, ati adzaitenga Loweruka likubwerali, ndipo adzabwera ndi chidutswa cha aluminiyamu ndi mwala wonolera mipeni. Andiuzanso kuti ndikonze mpando pafupi ndi laputopu, akufuna ndiwaonetse mmene G1 amalembedwera.