Zikomo anzanga a patebulo, zikomonso Dave Arneson

Loweruka lapitali tinamaliza nkhani yathu ya Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene aliyense amasewera ngati munthu mmodzi wa m'nthano yopeka. Ndi nkhani ija tinkaopa kuti ifera m'mazira ine nditachita ngozi ya pamsewu chaka chatha. Ndikulemba poyera chifukwa zikomo wa pakamwa tsiku lija anachepa. Phokoso linali lambiri, ndiponso ine mawu anandithera.

Mayina anu enieni sinditchula, mukudzidziwa. Achimwene amene mumasewera wansembe, ndinu munakhala pampando wa Dungeon Master, wofotokoza nkhani ndi kuyendetsa masewera, ine ndili chigonere, chonsecho munali musanayendetsepo masewera n'kamodzi komwe. Munakana kugwira nkhani yanga. Munati imeneyo idikire mwini wake, n'kupeka ina yaing'ono ya m'mudzi woyandikana nawo kuti gulu lisabalalike. Ndamva kuti munapha anthu awiri ndi mbuzi yolusa. Zimenezo tidzakambirana, koma zikomo.

Achemwali a mbala ija yosamva zonena anzake, munkabwera kuchipatala ndi phala m'fulasiki, mapepala a atengambali ali m'chikwama, n'kumandifunsa kuti chitseko chachitsulo tinachisiya chija kuseri kwake kuli chiyani. Sindinakuuzeni, ndipo munkadziwa kuti sindingakuuzeni. Koma usiku ululu ukakana kundipatsa tulo, ndinkagona n'kumakonza za kuseri kwa chitsekocho m'malo mowerenga malata a kudenga. Achimwene a wankhondo, inu osalankhulalankhula, msana wanu ndi umene unandikweza masitepe mpaka ndodo zitandizolowera. Anamwino ndi adokotala amene munalumikiza mwendowu, Mulungu akudalitseni.

Mayi eni nyumba imene timakumanamo, zikomo chifukwa cha tebulo, tiyi ndi kuleza mtima. Poyamba madayisi athu a mbali 20 ankakukayikitsani, ndipo munafunsa mosabisa ngati si zamaula. Simunali oyamba: ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anaimba masewerawa mlandu wa zausatana, nkhani mpaka kufika pa pulogalamu ya pa TV ya 60 Minutes mu 1985. Inu munangokoka mpando, n'kuonerera madzulo amodzi, n'kunena kuti, "Kani ndi nthano chabe zokhala ndi masamu."

Pali munthu winanso amene ndikufuna kumuthokoza, ngakhale anatisiya kalekale ndipo sanamvepo za ife. Anthu akamva za Dungeons & Dragons amathamangira kutchula Gary Gygax. Sakulakwa. Koma pachikuto cha masewera oyambirira a mu 1974 panali mayina awiri, ndipo lachiwirilo, Dave Arneson, ndi limene linandikhala pamtima m'miyezi ya kudwala ija.

Arneson anabadwa pa 1 October 1947 ku Minnesota. Ali mnyamata ankasewera masewera a nkhondo a patebulo, aja oika tizidole ta asilikali m'mizere, munthu mmodzi n'kumalamula gulu lonse lankhondo. Mnzake wina, David Wesely, anayesa zachilendo mu 1969 ndi masewera otchedwa Braunstein: m'malo mwa gulu lankhondo, aliyense anapatsidwa munthu mmodzi wa m'tauni yopeka, wina meya, wina wa kubanki, wina wa kuyunivesite, aliyense ndi zofuna zake. Wesely atapita ku usilikali, Arneson anatola ganizolo n'kupita nalo patali. Mu 1971, m'chipinda chapansi cha nyumba ya makolo ake ku St. Paul, anayambitsa dziko lopeka la Blackmoor, ndipo anzake anayamba kutsika m'mapanga a pansi pa linga kukasaka chuma ndi kulimbana ndi zilombo.

Chachikulu chimene anachita n'chakuti mtengambali sankathera pa tsiku limenelo. Pa bawo, mukamaliza mumabwezera nkhomo m'maenje, mawa n'kuyambira pomwe aliyense amayambira. Kwa Arneson munthu wako ankabweranso sabata yotsatira ndi lupanga limene anatola, ngongole imene anasiya kumudzi ndi adani amene anawaputa. Akapulumuka zambiri ankakula, n'kukwera levulo. Poyamba ankabwereka malamulo omenyanirana a Chainmail, amene Gygax ndi Jeff Perren anatulutsa mu 1971, koma mmenemo nkhonya imodzi inkatha kumaliza munthu, ndipo osewera sankafuna kutaya motero mtengambali amene amulera kwa milungu. Ndiye panabwera zoti munthu azitha kupirira mabala angapo asanagwe, zimene lero timalemba pakona ya pepala ngati hit points. Ana amene amasewera magemu a pafoni n'kumakondwa kuti akwera levulo sadziwa kuti akudya za m'munda wa bambo ameneyu.

Kwa ine zimenezi si mbiri chabe. Masewera athu akanakhala othera tsiku lomwelo, kudwala kwanga kukanangokhala kujomba, wina n'kulowa m'malo, basi. Koma panali mapepala odikira, chitseko chosatsegulidwa, ndi anthu amene anali ndi chifukwa chondifunsira za mawa pa nthawi imene ena onse ankandifunsa za mwendo wokha.

Gygax naye ndimupatse zake. Awiriwa anakumana mu 1969 ku Gen Con, msonkhano wa osewera umene Gygax anayambitsa ku Lake Geneva, Wisconsin, chaka cha m'mbuyo mwake. Chakumapeto kwa 1972 Arneson anapita kukamuonetsa Blackmoor, ndipo Gygax, amene panthawiyo ankapeza ya ndiwo posoka nsapato ntchito ya inshulansi itamuthera, anakhala pa tayipi n'kusandutsa zolemba zobalalika za mnzakeyo kukhala malamulo oti mlendo angawerenge n'kusewera. Iye ndi Don Kaye anakhazikitsa kampani ya TSR mu 1973. Mu January 1974 anasindikiza makope 1,000, timabuku titatu m'kabokosi, pa mtengo wa madola 10. Popanda Gygax, Blackmoor ikanakalambira m'chipinda chapansi chija. Koma akanalemba chiyani akanapanda kuona zimene Arneson anabwera nazo?

Ubale wawo sunakhalitse, ndipo apa mtima wanga umapendekera kwa Arneson. Anagwirako ntchito ku TSR mu 1976 n'kuchokako chaka chomwecho. Advanced Dungeons & Dragons itatuluka, yomwe inali mtundu watsopano wa masewerawa, kampaniyo inati amenewo ndi masewera ena, iye alibe gawo pa ndalama zake. Anakasuma mu 1979, ndipo anagwirizana kunja kwa khoti mu 1981. Dzina lake silinafufutike, koma linazilala, moti ambiri amene ndasewera nawo analimva koyamba kwa ine. Zaka zake zakumapeto anaziphera pa sukulu ya Full Sail ku Florida, kuphunzitsa achinyamata kapangidwe ka masewera. Gygax anamwalira pa 4 March 2008. Arneson anamutsatira pa 7 April 2009 ku St. Paul, atadwala khansa, ali ndi zaka 61.

Tsiku lomaliza lija chitseko chachitsulo chinatsegulidwa, ndipo achemwali a mbala, m'malo motenga chuma chimene ndinakonza usiku wonse uja kuchipatala, munachisiya n'kubwerera kukanyamula mnzanu amene anagwa pakhonde. Palibe tsamba la zolemba zanga limene linali ndi zimenezo. Ndinangotseka kope n'kutsatira inu.

Pa 1 October, tsiku lobadwa Arneson, osewera m'mayiko osiyanasiyana amamukumbukira posewera, ndipo chaka chino nafenso tichita nawo. Tidzasewera nkhani ya tsiku limodzi ya pansi pa linga, ndi malamulo ochepa ngati akale aja, kuti amene sanayambe wagwirapo dayisi ya mbali 20 asachite mantha. Mipando iwiri ilipo ya atsopano. Bwerani ndi pensulo ndi chofufutira, madayisi tibwerekana. Achimwene a wansembe, mudzayendetsa ndinu, ine ndikufuna ndidzaione ndekha mbuzi ija.