Nthiti zomwe ndinazipatsa 9

Nthiti ija inali yofewa moti nditangoinyamula, mnofu wonse unasiya fupa. Ndinalemba 9, malikisi apamwamba kwambiri, mosazengereza. Amene ankatiphunzitsa kuweruza nyama yootcha ataona khadi langa anaseka, n'kundiuza kuti nthitiyo inapsa mopitirira. Yoyenera malikisi apamwamba ndi imene ukaluma, pamachoka polumapo pokha, kwinako n'kutsala pafupa. Ine wokulira pa chiwaya cha kanyenya, kumene nyama yofewa timaiwombera m'manja, ndinachita manyazi.

Awa anali maphunziro a oweruza mipikisano yootcha nyama motsata malamulo a Kansas City Barbeque Society, bungwe lomwe linayamba mu 1986 kuno ku America. Nyama zake ndi zinayi: nkhuku, nthiti za nkhumba, phewa la nkhumba ndi chidale cha ng'ombe. Moto ndi wa nkhuni kapena makala, gasi ndi magetsi ayi.

Malamulo ooneka ndi maso savuta kuwasunga. Bokosi la nyama lifike pakati pa mphindi 5 nthawi isanakwane ndi mphindi 5 itapitirira, likachedwa ndiye kuti zada. Mukapezeka masamba oletsedwa, monga letesi wa nsonga zofiira, bokosilo limalandira 1 pa maonekedwe. Nambala ya gulu la ootcha amaisintha kuti tisadziwe mwini nyama. Patebulo timakhala anthu 6, ndipo kuyankhula kapena kukwinya nkhope n'koletsedwa mpaka makhadi atatoleredwa. Ukamaliza bokosi limodzi umatsuka m'kamwa ndi madzi ndi kabisiketi kopanda shuga.

Povuta ndi pa manambala. Timapereka kuyambira 2 mpaka 9 pa maonekedwe, kukoma ndi kufewa, koma zitatuzi sizilemera mofanana. Maonekedwe amachulukitsidwa ndi 0.56, kufewa ndi 1.1428, kukoma ndi 2.2972. Ndiye lilime langa likasemphana ndi la mnzanga ndi sitepe imodzi yokha pa kukoma, gulu lomwe lachezera usiku wonse likusonkhezera moto likhoza kutsika malo angapo. Pa oweruza 6 aja, malikisi otsikitsitsa amatayidwa, otsala 5 ndi amene amafikitsa pa 180 ngati onse apereka 9. Zimenezi zimateteza wootcha kwa woweruza mmodzi wouma manja. Nanga wopatsa mopitirira ngati ine, ndani amamugwira dzanja? Nanga tebulo lonse likakhala la anthu ouma manja? Ootchawo ali ndi dzina lake, amati tebulo la imfa.

Ndinaphunzitsako sukulu kumudzi, ndipo tisanayambe kuchonga mayeso tinkatenga pepala limodzi, aliyense n'kulichonga payekha, kenako n'kukangana mpaka titamvana. Ndikanakonda oweruza nyama atamachita chimodzimodzi m'mawa wa mpikisano: chidutswa chimodzi, aliyense alembe nambala yake, afotokozenso chifukwa. Komanso amene wapereka 5 kapena kutsika apo azikakamizidwa kulemba pakhadi la ndemanga chomwe chalakwika, mchere kapena utsi wowawa, osangoponya nambala n'kumapita.

Loweruka lapitali ndinaotcha nthiti kunyumba, zina n'kuziphula msanga, zina n'kuzichedwetsa dala. Ana anga onse anathamangira zochedwetsa zija. Ine ndinaluma zinazo, ndikuyang'ana ngati mano asiya chizindikiro pamnofu.