Shaki inachita manyazi, ine ndinakuwa

Popeza mlamu wanga waponya kale pagulu kavidiyo kaja ka ine ndili m'nyanja, ndipo a ku Joni ayamba kundiimbira foni n'kumangoseka osapereka ndi moni womwe, lekani ndifotokoze ndekha. Amene akukuwa kuti "mayo ine!" uja ndine, sindikukana. Koma inali shaki. Ya masentimita 40, inde, koma shaki.

Chinandipachika ndi pakamwa pangapa. Mwana wa abwana anga, mtsikana amene akuphunzira za zamoyo za m'nyanja kuno ku Cape Town, anandifunsa ngati ndimatha kusambira. Kufunsa ine, mwana wa ku Nkhotakota, wokulira pa Chia, amene ndinkamira kukamasula ukonde ukakodwa pansi! Ndinamuyankha kuti kwathu ngakhale chambo chimandipatsa ulemu. Loweruka lake tinali pa Miller's Point, kupitirira Simon's Town pang'ono, mlamu ali khale pamwala, foni m'manja.

Nyanja ya kwathu imakulandira ngati madzi amene akuphitsira apongozi. Ya ku False Bay, kumene kuli Miller's Point, tsiku limenelo inali pa madigiri 14. Madzi atangolowa m'khosi mwa suti ya labala ija, ndinakumbukira ngongole zanga zonse, ndi ya mu 2009 yomwe. Anandipatsanso lamba wa mtovu kuti ndizitha kumira, ine ndinakana. Munthu wanzeru samanga miyala m'chiuno polowa m'madzi, zimenezo ndi za anthu otopa ndi moyo. Mapeto ake, suti yoyandamitsa, madzi amchere oyandamitsanso, ndikati ndimire mutu wokha ndi umene unkalowa, matako ali m'mwamba ngati bakha. Mphindi yoyamba ya vidiyoyo ndi imeneyo. Mwaiona, tisabwerezenso.

Koma abale, pansi paja pali nkhalango. Amati kelp, ena amati nsungwi za m'nyanja. Akuti ndi mtundu wa ndere, ndere yomweyi yotiterereka pamwala pochapa, koma iyi imatha kupitirira mamita 10. Mizu ilibe. Pansi ili ndi chinthu ngati chikhatho chimene chimangogwira mwala nji, kenako thunthu lobooka m'kati ngati paipi, ndipo kumwamba kuli chotupa chodzaza mpweya chimene chimayandamitsa masamba kuti aziwothera dzuwa. Funde likabwera nkhalango yonse imawerama pamodzi ngati amayi a Mvano akulandira abusa.

Tisanalowe m'katikati ndinafunsa mwaulemu ngati muli shaki. Mtsikana uja anati ndisadandaule. Akuti malo amenewa ankadziwika ndi shaki zikuluzikulu zimene amazitcha sevengill, koma kuyambira cha mu 2015 anamgumi awiri a mtundu wa orca, otchedwa Port ndi Starboard, anayamba kuzing'amba n'kumadya chiwindi chokha, ndiye zambiri zinasamuka. Ankaganiza kuti akundilimbitsa mtima. Ine chimene ndinamva n'chakuti m'madzimo muli chinthu chimene shaki zimachithawa, ndipo chimakonda chiwindi. Chiwindi ndili nacho chimodzi.

Ndiye anandilangiza kuti popeza ndakana lamba, ndigwire thunthu la kelp, ndizidzikoka kutsika ngati ndikukwera mtengo chadodolido. Ndinakoka mpweya, ndinatsika, mamita awiri, atatu, mtima ukuti eya, Nkhotakota wafika. Pofuna kugwira mwala wa patsinde, dzanja linagwera pa chinthu chokhakhala ngati sandipepa. Chinthucho chinagwedezeka.

Ndinayang'ana. Mutu wa shaki. Maso a shaki. Thupi lamizeremizere ngati mphiri, ndipo dzina lake lachingerezi analitengadi ku mphiri. Ndinayembekeza mano. Koma iyo inandiyang'ana kamodzi, n'kudzipinda mozungulira ngati nkhata yosenzera ndowa, n'kutenga mchira wake n'kuphimba kumaso.

Shaki. Kuphimba kumaso. Ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi aakazi panjira ya kudambwe.

Ine nanenso, sindikudziwa kuti zinachokera kuti, ndinaphimba kumaso ndi dzanja. Ndiye taganizirani, pansi pa nyanja, mwamuna wa ana atatu ndi nsomba, aliyense atabisa nkhope, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuchoka. Ndinasuzumira pakati pa zala, iyo ili chiphimbire. Ndinatsekanso. Ndinasuzumiranso, ikadali nkhata. Ndikanakhala ndi mpweya bwenzi tikadali pompo mpaka lero, tikupatsana ulemu. Kenako ndinakumbukira kuti ndikuyenera kuchita mantha, ndipo ndinakuwa, kapaipi kopumira kali m'kamwa, n'kumeza mchere wokwanira ndiwo za ukwati.

Mbali yachiwiri ya vidiyo mwaiona: ndatumphukira pamwamba, ndakumbatira mutu wa kelp ndi manja ndi miyendo yomwe, ndikuitana amayi anga amene ali ku Nkhotakota. Chimene vidiyo siikuonetsa n'chakuti tsamba lina linandikulunga m'bondo. Inu amene mukuseka muli ku Lilongwe, simukudziwa. Kwathu chinthu chikakugwira mwendo m'madzi sufunsa dzina. Ndi ng'ona mpaka umboni utapezeka.

Mtsikana uja atatha kuseka, zimene zinatenga nthawi, anati kashakiko Mabunu amakatcha skaamoog, kutanthauza diso lamanyazi. Sikakula kupitirira masentimita 60, kamadya tinkhanu ndi tinyongolotsi ta pansi, ndipo kudzipinda kuja ndi nzeru: nkhata ndi yovuta kumeza kuposa ndodo. Ndiye kuti m'maso mwake chilombo ndinali ineyo. Zimenezi zilembedwe.

Ndipo popeza ndinakana kusiya kelp wanga kwa kanthawi, anayamba kundionetsa anansi. Pathunthu lomwelo, pafupi ndi chala changa, panali kankhono kamene moyo wake wonse kamakhala pa thunthu la kelp basi. Chigoba chake n'chopindika kunsi kuti chikwanire ndendende pa thunthu lozungulira, funde likankhe bwanji sikachoka, kamangoseteka tindere tomera pamenepo. Pamiyala pansi panali tinthu taminga ngati akanungu, tina titasenza zigoba ndi timiyala pamutu ngati zisoti za ku tchalitchi. Pansi pa minga yawo akuti ndi pamene pamabisala ana a perlemoen, nkhono yodula ija imene anthu amamangidwa nayo kuno. Anandilozeranso nsomba ina, klipfish, ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, ndinangoona tsamba. Tsambalo linaphethira... kapena linatembenuza diso, sindikudziwa, koma linandiyang'ana moipa.

Ndiye ndikufunseni: m'nkhalango monsemo ndani akuyenda chifuwa chili patsogolo? Wina wavala chisoti, wina wabisala kunsi kwa minga ya mnzake, wina akudziyesa tsamba, shaki yeniyeni yaphimba kumaso. Ine ndafika tsiku loyamba, popanda wondiphunzitsa, ndapeza thunthu langa n'kumamatira ngati kankhono kaja. Mtsikanayo mwiniwake anati ndinagwira bwino. Mwina ankanena za china, koma anatero.

Potuluka ndinapeza kuti phazi limodzi la chule, lija amavala posambira, latsala m'nkhalango. Abwana sanalankhulepo kanthu, angoyamba kuphimba kumaso akandiona m'munda. Mayi a kunyumba asintha dzina langa mufoni, tsopano ndine Skaamoog, ndipo alilemba molakwika.

Alamu, fufutani kavidiyo kaja. Kapena dulaniko pa bakha paja pokha.