Patogilafu ilibe malo olembapo ululu wa mayi

Sabata ino ndikubwereza mutu wa ululu wa pobereka pokonzekera mayeso, ndiye pali kanthu kakundizunguza mutu. Patogilafu, pepala lolembapo mmene leba ikuyendera, imene timadzaza ku leba wodi ili ndi malo a chilichonse, mtima wa mwana pa mphindi 30 zilizonse, BP ya mayi, njira yatseguka masentimita angati pa maola 4 alionse, ngakhale kukoka kwa chiberekero timawerenga pa mphindi 10 n'kuika timadontho ngati sikukufika masekondi 20, timizere ngati ndi 20 mpaka 40, kudetsa kabokosi konse ngati kwadutsa 40. Koma zoti mayiyo zikumuwawa bwanji palibe polemba, kupatula kamzere ka mankhwala amene tapereka basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pepala lina mu 2020, Labour Care Guide, lomwe lili ndi malo ofunsa ngati mayi ali ndi munthu womukhalira pafupi, ngati wathandizidwa pa ululu, ngati akumwa madzi komanso wakhala motani. Nditaliona koyamba ndinati eya, apa ndiye aganizako.

Vuto kwathu kuno ndi loti amayi ambiri amabwera ataphunzitsidwa kale kukhala chete. Wa mimba yoyamba anamkungwi amamulangiza kuti kumeneko usakalire ukatichititsa manyazi, ukalira mwana adzafera m'njira, ndipo madera ena leba ikatalika amayamba kumufunsa mtsikana kuti ulula unayenda ndi ndani. Ndiye munthu amangoluma chitenje, thukuta lili kamukamu, osatulutsa mawu. Ife ku wodi, poti manja ndi ochepa ndipo mabedi adzaza ena ali pansi, timathamangira amene akukuwa, wachete uja timangoti amenewa ndi olimba mtima awa. Sindikukhulupirira kuti ndi kulimba mtima nthawi zonse, ena ndi mantha chabe.

Mabuku amati ululuwu uli pawiri. Poyamba umachokera ku kukoka kwa chiberekero ndi kutseguka kwa khomo lake, umadutsa mitsempha ya mumsana yotchedwa T10 mpaka L1, n'chifukwa chake mayi amaloza m'chinena ndi msana koma sangathe kuloza malo enieni. Mutu ukatsika nthawi yotchima ija ululu umakhala wakuthwa, wa pamalo amodzi, wodutsa mitsempha ya kumunsi kwa msana, S2 mpaka S4. Ndipo mwana akagona nkhongo yake italoza kumsana kwa mayi, msana umawawa ngakhale pakati pa kukoka, leba imachedwanso. Pa mantha paja dokotala wa ku Britain Grantly Dick-Read analemba kalekale kuti mantha amalimbitsa thupi, thupi likalimba ululu umakula, ululu ukakula mantha amaonjezeka. Adrenaline, homoni amene thupi limatulutsa pa mantha, akachuluka amasokoneza oxytocin, homoni wokoketsa chiberekero, kukoka kumafooka. Ndiye mzamba amene amakalipa kuti mmene mumapanga munali ndi ine? akuchedwetsa yekha ntchito yake, mawu amenewa ndinawamvapo pachipatala china ndipo mayi uja sanayankhulenso mpaka kuchira.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi choti ululu umatiuzanso za ngozi, koma ngati mayi sanena ifenso osafunsa tidziwa bwanji. Ululu wa leba yabwinobwino umabwera n'kupita, pakati pake mimba imafewa mayi n'kupumako. Ukakhala wosalekeza, mimba gwa ngati thabwa, ganizirani kuti nsengwa yayamba kumatuka mwana asanabadwe, ndipo magazi akhoza kubisala mkati osaoneka kunja. Mayi amene amabuula kwambiri kenako mwadzidzidzi kukoka kwasiya, akuti ndikumvako bwino koma mtima ukuthamanga, BP ikutsika, mtima wa mwana sukumveka, ameneyo mwina chiberekero chaphulika, ndi wa ku fiyeta pompo. Makamaka amene anachitidwapo opareshoni kale kapena amwa mwanamphepo kunyumba, ndipo za mwanamphepozi savomera msanga, umafunika kufunsa mwaulemu gadiyani ali kunja.

Zothandiza zambiri sizifuna ndalama. Kusisita msana pansi penipeni ndi chikhatho mwamphamvu ndithu, kumulola ayende, agone chammbali, amwe madzi kapena phala, kupuma naye limodzi, kumuuza kuti mayi njira yafika pa masentimita 6 tsopano kwatsala 4 kuti ifike pa 10 m'malo mongomuyeza n'kuchokapo. Kusisita si zongomunyengerera ayi, Melzack ndi Wall anafotokoza mu 1965 kuti uthenga wa kukhudza umatsekereza pang'ono uthenga wa ululu mu msana usanafike ku ubongo. Epidural, jakisoni wa kumsana wochititsa dzanzi, timangoiwerenga, m'zipatala zambiri za boma simungaione. Koma lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, posoka pomwe pang'ambika ndiye pasamakhale zokambirana, kusoka munthu wopanda mankhwala ati ndi timasitichi tiwiri tokha ine ndimaona kuti ndi nkhanza.

Pethidine, jakisoni wamphamvu wochepetsa ululu, ndi amene amafunika mutu. Amadutsa pa nsengwa kupita kwa mwana, ndiye mukabaya mayi atatsala maola ochepa kuti achire, khanda likhoza kubadwa lofooka, losapuma bwino komanso laulesi pa bere. Apa ndi pomwe mutu wa ululu ukukumana ndi wa khanda. Ndondomeko yothandizira makanda kupuma ya Helping Babies Breathe imati mphindi yoyamba isathe mwana asanapume, mumupukute bwinobwino ndi nsalu youma, muchotse yonyowayo, mumusisite kumsana, ngati sakupumabe ambu bag, kathumba kopopera mpweya m'mapapo mwa khanda, iyambe mphindi ija isanathe. Ngati walira ndiye pachifuwa pa mayi ake khungu kwa khungu, chipewa kumutu, mchombo tidikire mphindi 1 mpaka 3 tisanadule, bere pasanathe ola, kusamba adikire maola 24 ngakhale agogo adandaule. Choncho amene wabaya pethidine alembe nthawi yake moonekeratu ndipo auze amene akulandira shifiti, ndipo ambu bag ndi masiki a saizi 0 ndi 1 zikhale zoyesedwa kale pa tebulo, osati kukayamba kufufuza m'kabati mwana atatuluka kale.