Pampu ya njinga ndi imene yandimasulira intercooler

Miyezi itatu ndakhala ndikuloweza kuti intercooler imaziziritsa mpweya wochoka ku turbo usanalowe mu injini. Mayeso ndinakhoza, koma mukanandifunsa chimene chimautenthetsa mpweyawo, ndikanati ndi utsi, poti turbo imazunguzidwa ndi utsi. Loweruka lapitali m'pamene mutu unatseguka, ndipo mpaka lero mtima uli myaa.

Turbo ndi chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini. Amalume ali ndi Hilux ya 3.0 D-4D, zija za intercooler pamwamba pa injini ndi boneti yokhala ndi kukamwa. Inayamba kufuka utsi wakuda, ikamakwera Munali Hills nkumalira ngati mphaka wolusa, mphamvu palibe. Pagalaja pomwe ndikuphunzira ntchito ku Matero tinapeza kuti intercooler yang'ambika pakona. Atamva mtengo wa yatsopano, amalume anangoti, "Mphwanga, kasake ya salaula." Ndinaipeza m'tauni, nditatsutsana ndi wogulitsa mpaka anavomera kuti ikapezeka yobooka ndibweze.

Tsiku loiyesa magetsi anali atazima, compressor ili duu. Bamdala eni galaja anatseka mabowo onse awiri ndi zidutswa za paipi, kumodzi nkuikako valavu ya tayala, kenako anandipatsa pampu ya njinga. Ndinapopa, ndinapopa, geji ikukwawa kulowera ku 1 bar. Ndiye anati, "Iwe mwana, gwira kunsi kwa pampuyo." Kunali kotentha. "Manje moto uli kuti? Utsi uli kuti?"

Basi, pomwepo. Mpweya ukapanikizidwa umatentha wokha. Turbo ndi pampu chabe, yothamanga kwambiri, ndipo mpweya wotulukamo umatha kupitirira madigiri 100. Wotenthawo umafutukuka, ndiye mu silinda mumalowa oxygen yochepa ngakhale geji ikuonetsa kuti boost, kukankha kwa turbo kuja, ilipo. Intercooler siwonjezera mpweya ayi, imaubweza kuti ukhale wothithikana. Ndikubwerezanso chifukwa ndi apa ndinkasochera: geji imawerenga kukankha, siwerenga kuchuluka kwa mpweya. Tsono ganizani Lusaka yathuyi, yokwera mamita oposa 1,200, mpweya ndi wopyapyala kale, nkuphatikiza dzuwa la Okutobala.

Chikundipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anathera milungu iwiri akulemba P, V ndi T (kukankha, malo omwe mpweya watenga ndi kutentha) pabolodi, choko mpaka m'zigongono, osabweretsa ngakhale pampu imodzi m'kalasi. Ukafunsa amati zili m'manotsi. Mwina nawonso silabasi ikuwathamangitsa, kaya, koma ife practical timaiona kamodzi pa sabata, anthu khumi pa injini imodzi yosalira n'komwe.

Kuyesa kwa sopo ndiye kwandilowa m'magazi. Madzi a sopo m'botolo, kuwaza m'mphepete monse, pomwe pali kabowo thovu limatumphuka ngati la thobwa lowira. Yathu sinatulutse kanthu, geji inaima osatsika mphindi zisanu. Kunena zoona, ine ndikuona kuti pampu ndi sopo zimaposa kompyuta ija amalumikiza ku galimoto, anzanga anditsutse ngati akufuna. Tsopano chilichonse chokhala ndi paipi ndikufuna kuchithira sopo.

Kumanga sikunavute. Tinawongola tizitsulo topyapyala tomwe tinapindika, tinatsuka m'kati ndi parafini nkuyanika tsiku lathunthu, chifukwa injini ya dizilo ikakoka zotsalirazo imatha kuthamanga yokha osamvera kiyi. Ma clamp tinaika atsopano. Utsi unatha, kulira kuja kunatha.

Koma potsuka munatuluka oyilo wochuluka ndithu. Bamdala akuti kamafuta pang'ono n'kachibadwa, kamachokera ku breather, kapaipi kopumira injini, choopsa ndi tizidutswa ta chitsulo tosonyeza kuti turbo ya galimoto yomwe munachoka intercooler ya salaulayi inasweka. Ndinasefa pansalu yoyera, sindinaone kanthu konyezimira. Dzulo nditamasula paipi ndinapezanso m'kati muli monyowa. Ndi wotsalira, kapena turbo ya amalume nayo yayamba kutaya? Ndipo sopo wanga uja ndinayesera chitsulo chili chozizira, pomwe ming'alu ina imatseguka chikatentha. Lachisanu akupita ku Mazabuka ndi katundu, ndiye ndingodikira foni.