Sikirini yatsopano ya mu Noah inatsala pang'ono kutiphetsa pa Chikangawa

Ndagwira chiwongolero zaka 14, zisanu ndi chimodzi mwa izo pa kampani yobwereketsa magalimoto yomwe ndili pano ku Lilongwe, ndipo sindinagundepo ngakhale mbuzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake mtima ukundiwawabe mpaka lero Lamulungu, chifukwa Lachinayi usiku ndikanapha banja lonse la anthu asanu pa chinthu chomwe si ine ndinalakwitsa.

Noah yomwe ndimayendetsa inabwera ndi wayilesi yake ya ku Japan, madalaivala anzanga mukuidziwa kale, zolemba zonse za Chijapani, FM imathera pa 90 ndiye masiteshoni ambiri sumawagwira pokhapokha uikemo band expander, ndipo chisinthireni batire chaka chatha inangoima n'kumafunsa khadi ya mapu yomwe palibe anaionapo. Makasitomala amadandaula, zimenezo sindikana, ulendo wa ku Mzuzu wopanda nyimbo umatalika. Ineyo ndinanenapo kuti aikonze. Koma m'buku la malipoti lomwelo ndinalembamo katatu za matayala akumbuyo kuti atha, ndi mawaipa omwe akungopaka madzi pagalasi m'malo mopukuta, yankho lake linali limodzi, ndalama palibe achimwene dikirani mwezi uthe. Ndiye Loweruka la sabata yatha galimoto anaitenga, Lolemba m'mawa ndikuipeza ili ndi chisikirini cha Android cha mainchesi 10 pa dashibodi, kamera yakumbuyo, masipika atsopano m'zitseko. Matayala omwe aja, mawaipa omwe aja. Nditafunsa kuti wayika ndani anangoti kamnyamata kena kodziwana ndi a manejala, kotchipa.

Lolemba ndinasangalala nayo, ndisaname. Zodiak ikumveka bwinobwino, MBC ikumveka, foni ikulowa pa Bluetooth osafunikanso kuipanikiza paphewa, kubwerera m'mbuyo pamalo othina mu Area 3 ukuona zonse. Chinandidabwitsa ndi choti vidiyo imaonetsa galimoto ikuyenda, pomwe waya wa handibuleki ukalumikizidwa moyenera sikirini yakutsogolo siionetsa kanema mpaka utaima. Apo ndinadziwa kuti mnyamatayo anangoukhomera ku bodi, chitsulo cha galimoto. Mapu nawonso amafuna hotspot ya foni yanga, bandulo yanga, ndipo za bandulo palibe analankhulapo mu ofesi.

Lachiwiri 4 koloko m'mawa ndikufuna kukatenga mlendo ku eyapoti ya KIA, kupotokola kiyi, tik tik tik basi. Batire yaphwa. Galimoto ya otomatiki sungaikankhe, ndinachita kukagogoda kwa neba mdima uli bii kuti andijampitse, ndinafika ku Lumbadzi mlendo atadikira mphindi 40 ndi zikwama zake panja. A manejala pafoni mawu oyamba, munasiya magetsi oyaka. Zaka 14 ine ndisiye magetsi? Madzulo ake ndinazimitsa galimoto, ndinadina batani sikirini n'kuda, ndinadikira maola awiri ndi kukaigwira, inali yofunda. Waya wofiira wa ACC, womwe umayenera kukhala ndi moto ukapotokola kiyi basi, ndi wachikasu wochokera ku batire anangozipota pamodzi, ndiye chinthucho sichigona olo utachotsa kiyi, chimangotseka nkhope koma mkati chikudya moto usiku wonse. Ndinawauza, anati tiona. Kuyambira tsiku limenelo ndimachotsa theminolo ya negetivu ndi sipanala 10 ndisanakagone.

Lachitatu palibe chachilendo, theka la tsiku pamzere wa mafuta, kenako kuzungulira m'tauni ndi anthu a bungwe lina.

Lachinayi ndi lomwe landipangitsa kulemba. Ndinapatsidwa banja lopita ku ukwati ku Mzuzu, bambo, mayi, ana awiri ndi agogo aakazi. Timayenera kunyamuka 10 koloko m'mawa koma keke inachedwa, zovala kwa telala zinachedwa, tinatuluka mu Lilongwe cha m'ma 3 madzulo. Ndinawauza bambowo kuti bwana mwezi uno wa July pa Chikangawa usiku pamakhala chifunga choopsa, bwanji tigone pa Kasungu tidzuke m'mamawa, anati ayi a dalaivala chinkhoswe ndi mawa m'mawa tiyeni. Ndi makilomita opitirira 350, ndayendapo kosawerengeka, ndinavomera.

Mpaka Kasungu zonse zinali bwino, ana akuonera makatuni a pa fulashi atatsamira pakati pa mipando yakutsogolo, agogo akuwodzera. Kutada ndinayatsa magetsi ndiye ndinaona vuto loyamba, sikirini siichepetsa kuwala. Wayilesi yoikidwa bwino ukayatsa magetsi imazilala yokha chifukwa pali waya wa olenji wolumikizidwa ku magetsi a dashibodi, iyi ayi, ikuwala ngati masana ndipo chithunzi chake chikuonekera pagalasi lakutsogolo mbali ya kumanzere komwe ndimayang'ana anthu a njinga. Ndinaitsitsa pamanja mpaka pansi komabe imathobwa m'maso. Titadutsa rodibuloko ya pa Jenda ndinapempha mayiwo kuti ana asiye kaye kuonera, kamwana kakang'ono kanalira, bambo aja anati asiyeni a dalaivala tinalipira galimoto ya TV dala. Ndinangovula jekete langa n'kuphimba theka la sikirini, ana akusuzumira mmunsi mwake.

Tinalowa m'nkhalango cha m'ma 8 koloko. Chifunga chinali choti magetsi ukawakweza ukungoona khoma loyera, ndinali pa dimu, 40 pa ola, mawaipa aja akungopaka chinyezi, ndikupukuta mkati ndi nsanza. Kumbuyo kwanga kunali thiraki ya matabwa yomwe ndinaipitirira pa chitunda, ndimaona magetsi ake patali pagalasi. Kenako ndinamenya dzenje, silinali lalikulu n'komwe, ndipo dashibodi yonse inathima. Sipidomita sindikuiona, geji ya mafuta sindikuiona, mabatani a AC onse mdima. Magetsi akutsogolo akuyaka, injini ikuyenda, sikirini ija ikuimbabe makatuni ake pansi pa jekete.

Munthu wosadziwa akanati ndi dashibodi chabe tiyeni tizipita. Koma amene mwakhalitsa pa Toyota mukudziwa kuti magetsi a dashibodi ndi magetsi ofiira akumbuyo amadyera fyuzi imodzi ya TAIL. Kutanthauza kuti nthawi imeneyo galimoto yanga kumbuyo inalibe kuwala kulikonse, yakuda, m'chifunga, pamalo otsetsereka, ndi thiraki yodzaza matabwa ikubwera. Thupi lonse linazizira. Ndinamenya hazadi nthawi yomweyo ndipo ndikuyang'ana pagalasi magetsi a thiraki aja anali atakula kale, ndinamva hutala ndi mabuleki a mpweya akulira, ndinaponda mafuta n'kukhotera kumanzere pa udzu osadziwa kuti kuli ngalande kapena ayi, matayala akumbuyo otha aja anaterereka pa udzu wonyowa galimoto n'kupendekeka pang'ono, thiraki inadutsa pafupi moti Noah yonse inagwedezeka ndi mphepo yake. Mayi aja anakuwa Yesu. Agogo anangogwira mutu wa kamwana kaja n'kuukanikiza pachifuwa pawo.

Dalaivala wa thiraki anakaima kutsogolo ndipo anabwera wapansi ndi tochi akutukwana, aise ukufuna undimangitse, ukuyenda bwanji opanda magetsi kumbuyo. Sindinamuyankhe zamwano chifukwa amanena zoona, anati anandiona hazadi itayaka basi, kupanda apo akanatikwera. Ataona ana mkati anasiya kukalipa n'kundiunikira.

Ndinaika matrayango, ndinatsegula bokosi la mafyuzi, ya TAIL ya 10 yofiira ija yapsa. Ndimayenda ndi zapadera ziwiri m'kabotolo ka mankhwala, zogula ndi ndalama yanga. Ndinaika yoyamba, kuyatsa magetsi, thwa, yapsa pomwepo. Apo ndiye kuti pali waya ukugunda bodi. Mnzanga wa thiraki anati ingopotapo kawaya ka kopa ufike ku Mzuzu, ndinakana, fyuzi ikupsa chifukwa ikuteteza mawaya, ukaimanga ndi kopa chotsatira ndi utsi pansi pa dashibodi muli ana. Ndinatsala ndi fyuzi imodzi ndiye ndinayenera kupeza vutolo kaye, ndipo chinthu chokhacho chomwe chinasintha m'galimoto muja sabata imeneyi ndi wayilesi.

Ndinakanula pulasitiki ya dashibodi ndi sikuludiraiva, zala zitauma ndi kuzizira, bambo aja atagwira foni kundiunikira dzanja lawo likunjenjemera. Nditasolola sikirini zomwe ndinaona kumbuyo kwake abale. Pulagi yoyambirira ya Toyota anaidula yonse m'malo mogula adaputa, mawaya anangowapota ndi manja, ena kukulunga ndi selotepi yoyera ya m'maofesi yomwe inali itayamba kale kumatuka ndi kutentha. Waya wa magetsi a dashibodi wochokera kugalimoto sanaulumikize kulikonse, mpake sikirini siimazilala, anangousiya ukulendewera mutu wake uli pamtunda, ndipo pachitsulo chogwira wayilesi panali kadontho kakuda pomwe unathetheka. Masana waya umenewo ulibe moto, umakhala ndi moto ukayatsa magetsi basi, ndiye mnyamatayo poyesa masana pagalaja zonse zimaoneka zabwino. Unkangodikira usiku ndi dzenje.

Tepi yamagetsi ndinalibe, inatha ndipo ndinapempha ku ofesi osapatsidwa. Mayi aja ndi namwino, anatulutsa pulasitala wa mabala m'chikwama chawo n'kundidulira ndi mano, ndinakulunga waya uja kanayi, ndinazula pulagi ya sikirini yonse n'kuiika pansi pa mpando. Fyuzi yomaliza, kuyatsa, dashibodi inawala, wa thiraki anakuwa kumbuyo kuti ayaka. Tinayenda kumbuyo kwake pang'onopang'ono mpaka Mzuzu, tinafika 11 koloko itadutsa, m'galimoto muli zii, pa dashibodi pali chibowo. Potsika agogo aja anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti mwanawe Mulungu akusunge. Bambo aja sanalankhule zambiri, anangoti a dalaivala pepani za jekete zija.

Usiku umenewo sindinagone, ndikatseka maso ndimaona magetsi a thiraki pagalasi.

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa mdala wina wokonza zamagetsi a galimoto yemwe ndimamudalira ku Mzuzu. Anayang'ana n'kupukusa mutu, anaika mita yake ndipo anandionetsa kuti sikirini ikalumikizidwa momwe analumikizira muja galimoto itazima ikukoka pafupifupi amp imodzi, omwe ndi ma milliamp 1,000, pomwe galimoto yabwinobwino siyenera kupitirira ma milliamp 50. Anapezanso kuti waya wopita ku kamera anaudutsitsa pa hinji ya chitseko chakumbuyo popanda chotetezera, mwezi umodzi ukanadukanso. Analumikiza zonse ndi sodala, wofiira ku ACC, wachikasu ku batire, wa olenji pamalo pake, wa handibuleki ku handibuleki. Maola awiri ntchito yatha, ndinalipira za m'thumba mwanga ndi kutenga lisiti. Wayilesiyo payokha ilibe vuto, pobwerera Loweruka inayenda bwinobwino, ukazimitsa galimoto imagona, ukayatsa magetsi imazilala.

Loweruka madzulo ku ofesi ndinafotokoza zonse, ndinaonetsa zithunzi za mawaya ndi mafyuzi awiri opsa aja ndinawaika patebulo. A manejala funso lawo loyamba silinali loti anthu ali bwanji. Anati ndani anakupatsani chilolezo chomasula wayilesi ya kampani, mwathyola kakilipu ka dashibodi, komanso mwaononga waranti ya mnyamata uja. Waranti ya selotepi? Kenako anati lisiti ya ku Mzuzu sangabweze chifukwa sindinaimbe foni kaye, pomwe pamalo tinaima paja netiweki panalibe ndipo Lachisanu m'mawa ndinaimba kawiri osayankhidwa, zili mufoni mwanga. Pamwamba pa zonsezo akuti za kuchedwa kwa Lachiwiri ku eyapoti andidula pa malipiro chifukwa mlendo anadandaula. Ndinawafunsa kuti bwana, thiraki ija ikanatigunda, apolisi akanalemba dzina la ndani, la mnyamata wanuyo kapena langa? Laisensi yomwe ikanapita ndi ya ndani? Anangoti musakweze mawu achimwene.

Chikundipweteka kwambiri n'choti magalimoto ena atatu a pakampani pano anaikidwanso masikirini omwewa ndi munthu yemweyo sabata yomweyo, ndipo ina ndi Hiace yomwe imanyamula ana asukulu. Ndawaimbira anzanga onse atatu dzulo usiku, mmodzi wandiuza kuti yakenso batire inaphwa kawiri ndipo anamuuza kuti ndi iyeyo amasiya chitseko chosatseka. Ndawauza kuti asayende usiku mpaka wina wodziwa atatsegula kumbuyo kwa wayilesi, ayatse magetsi aone ngati sikirini ikuzilala, achotse kiyi aone ngati ikuzima yokha.

Mawa Lolemba andilembera ulendo wa ku Mangochi kudzera ku Golomoti, ndi mapiri aja a Khwekhwelere. Ndalemba kale kalata, kope imodzi ya a manejala ina ya eni kampani, ndamatapo zithunzi za mawaya ndi za matayala akumbuyo, ndipo ndanenamo kuti kiyi wa Noah ndikatenga matayala awiri ndi mawaipa zikasinthidwa. Ndikawapatsa 7 koloko m'mawa.