Khoma lija laima, tabwerera pabalaza: zikomo kwa nonse

Abale ndi alongo, anzanga a kuno ku Sadzi, ndi inu nonse amene mwakhala mukufunsa pafoni kuti nyumba ija yafika pati, lero ndili ndi yankho: yatha, ndipo tabwereramo. Ndati ndilembe poyera chifukwa kuyenda khomo ndi khomo sindingakwanitse, komanso ena munatithandiza mwakachetechete moti ndikanati ndikufikireni ndi nkhuku m'manja mukanandibweza nayo. Maina sinditchula, koma aliyense adzizindikira yekha.

Nonse mukuikumbukira mvula ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ife sitinataye munthu, ndipo vuto lathu sindingaliike pamodzi ndi la anzathu a ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje amene anaika maliro, pamene akufa ndi osowa m'dziko muno anapitirira 1,000. Chathu chinali khoma. Madzi otsika m'phiri anakumba maziko a mbali ya kumtunda, khoma la pabalaza linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi, kenako linagwera kunja n'kukoka mbali ina ya denga. Linali la njerwa zootcha koma zomangira matope, monga zilili nyumba zambiri kuno. Matope akakhuta madzi sagwiranso njerwa.

Zikomo woyamba apite kwa bambo ndi mayi a nyumba ya kumunsi kwathu, amene munatsegula chitseko usiku umenewo n'kutenga ana athu kukagona ndi ana anu, osafunsa kuti mpaka liti. Amayi a Mvano, munabwera ndi ufa, nyemba ndi zofunda. Anyamata a kwaya, munatola njerwa zonse zimene sizinasweke, kuzipala matope ndi zikwanje n'kuziunjika bwinobwino kuseri, ndipo zambiri zili m'khoma latsopanoli. Achimwene a ku Johannesburg, tikudziwa kuti ndalama munkatumiza zija simunkatola pansi. Anzanga a banki m'khonde, munandikongoza kawiri ndipo mwezi umene zinavuta munandidikira popanda kundinyoza pagulu.

Amalume, inu ulemu wanu ndi wapadera. Ndinu munakakamira kuti ndalama ikangofika tizigula malata, misomali, zitsulo za lintala ndi felemu ya windo, osaisunga m'thumba, koma simenti tisayerekeze kuigula msanga chifukwa imauma ikakhalitsa m'nyumba ya chinyontho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mahadiweya inasintha usiku umodzi. Ife katundu wolemerayo tinali naye kale pansi pa bedi ndi kukhonde la apongozi.

Mmisiri amene anamanga khomali, bambo wofatsa wa ku Chinamwali, anandikwiyitsapo kangapo, ndipo lero ndikumuthokoza pa zomwezo zimene zinkandikwiyitsa. Anakana kuika njerwa ngakhale imodzi tisanakumbe ngalande ya miyala kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi. Anayala pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere m'khoma, n'kumanga ndi simenti ndi mchenga wa mumtsinje. Atamaliza pulasitala, ine mtima uli dyokodyoko kufuna penti, iye anati kuona maso a nkhono n'kudekha: pulasitala watsopano amafuna masabata anayi kapena kupitirira kuti aume, ndipo kuno ku Zomba nyengo ya chiperoni amachedwa kuposa pamenepo. Anandiphunzitsa kuyesa kwake. Umamata kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, kagone usiku. M'mawa ukapeza thukuta mkati mwake, khomalo silinaume. Ndipo ufa woyera uja umatuluka pa pulasitala watsopano ndi mchere wa m'njerwa ndi m'simenti. Umausesa ndi bulashi youma, osautsuka, chifukwa madzi amaubweza mkati n'kudzatulukanso penti ili pamwamba, pentiyo n'kuyamba kusupuka.

Khoma litauma panaoneka vuto lina. Pamene pulasitala watsopano anakumana ndi wakale panatsala msoko, ndipo dzuwa la m'mawa likalowa pawindo, tizigwa ndi timitunda tonse tinkaoneka. Bambo a kunyumba ankafuna penti ya gulosi yonyezimira, yoti mlendo akangolowa adziwe kuti tadzuka. Koma gulosi ndiye imaulula chilema chilichonse cha khoma, ndipo ndalama ya pulasitala wachiwiri tinalibe.

Apa ndi pamene mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira ku yunivesite ku Chirunga, analowerera. Mwanawe, zikomo chifukwa cha bandulo yako imene tinamaliza poonera makanema a pa YouTube, komanso chifukwa chosandiseka pamene ndinati ine bulashi ya penti sindinaigwirepo. Anandionetsa kapakidwe kamene amakatcha faux painting, kopaka penti mosanjikiza, yopyapyala pamwamba pa ina, kuti khoma lioneke ngati la dothi, la mwala kapena lokalamba. Mtundu ukakhala wamawangamawanga, diso silipezanso pamene pali msoko.

Mitundu sanasankhe ndi iye kapena ine ayi. Anasankha ndi anganga. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola, kuti kodi ana a masiku ano mukugula penti yodula kuti khoma lifanane ndi lomata? Koma ulendo wotsatira wochokera kumudzi ku Jali anabwera ndi timajumbo titatu: katondo wofiira, dothi loyererako la kudambo, ndi mtsiro wakuda umene amazirira. Anazinyowetsa, kuzipaka pa katoni ndi chikhato, n'kutiuza kuti tidikire ziume chifukwa dothi lonyowa limanama mtundu. Penti nayonso ndi chimodzimodzi, imasintha ikauma. Katoni imeneyo ndi imene ndinapita nayo m'tauni kwa mnyamata wosakaniza penti, amene anadontheza mitundu yake mu PVA yoyera, penti ya madzi ija, pang'onopang'ono mpaka tinayandikira katondo wa anganga. Mnyamata iwe, unali ndi makasitomala ena pamzere koma sunandithamangitse. Zikomo.

Ambiri mwafunsa m'mene tinachitira, ndiye ndifotokoze pomwe pano. Tinayamba ndi kutseka timing'alu ndi fila, kukwecha ndi sandipepa, kupukuta fumbi n'kupaka pulaima wa pulasitala watsopano. Pamwamba pake tinapaka PVA ya mtundu wa kirimu kawiri ndi rola, n'kuisiya iume tsiku lathunthu. Imeneyi ndiye penti ya pansi, ndipo iyenera kukhala yowala kuposa ya pamwamba chifukwa ndi imene imasuzumira m'mipata. Ya pamwamba, yofiirira ija, amaisungunula. Amene ali ndi ndalama amagula glaze, madzi oonekera amene amachedwetsa penti kuuma, n'kusakaniza kapu imodzi ya penti ndi makapu anayi a glaze. Ife tinagwiritsa ntchito madzi wamba pa muyezo womwewo. Kulemera kwake kukhale ngati kwa thobwa, osati phala. Kuipa kwa madzi n'koti penti imauma msanga, n'chifukwa chake tinagwira ntchitoyi m'mawa kusanatenthe, mwezi wa Juni, mawindo titatsekako kuti mphepo isaumitse khoma tisanamalize. Mu Okutobala sindingalangize munthu kuyesa.

Ntchitoyi imafuna anthu awiri. Mwana wa achemwali ankapita patsogolo ndi bulashi yaikulu, kupaka mopingasapingasa malo osapitirira mita imodzi mbali zonse. Ine ndinkatsatira ndi nsanza ya tisheti yakale ya pakaunjika, yonyowa pang'ono, yofinya n'kuikwinya m'dzanja, kumadinda ndi kupukuta penti ikadali yaiwisi. Dzanja uzilitembenuza nthawi iliyonse ukadinda, apo ayi chidindo chimodzimodzi chimabwerezeka khoma lonse ndipo munthu amaona kuti ndi nsanza. Ikakhuta penti, tenga ina. Malire a chigawo chilichonse asakhale owongoka, ndipo chigawo chotsatira chilowe m'chinzake chisanaume, chifukwa penti yonyowa ikakwera pa youma pamatsala mzere wakuda umene suchoka. Pa chifukwa chimenechi, ukayamba khoma suimira pakati. Foni ilire, mlendo aodire, ndiwo zipserere, iwe umafika kaye pakona. M'makona ndi m'mphepete mwa siling'i, momwe nsanza sifika, tinkagogoda ndi kabulashi kakang'ono kouma, titamata tepi ku makoma enawo. Tisanakhudze khoma lenileni tinayeserera pa thabwa la hadibodi mpaka dzanja litazolowera, ndipo amene mukufuna kuyesa, gawo limeneli musalidumphe.

M'mawa mwake anganga anakhala pampando pakhomo n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali. Kenako anati likuoneka latsopano kwambiri, khoma lenileni limada kumunsi kumene kumafika fumbi ndi manja a ana, n'kumawala pokwera. Tinasakaniza kapenti kena kodera, kopyapyala kuposa koyamba, n'kukadutsitsa mopepuka ndi siponji kuchokera pansi mpaka m'chiuno, kumazimiririka pokwera. Kusintha kwake kunali kwakukulu, ndipo palibe kanema wa pa YouTube amene anatiuza zimenezo. Pomaliza tinapaka vanishi ya madzi yosanyezimira kuti khomalo lizitheka kupukuta.

Tinachita khoma limodzi lokha, lija linagwa. Atatu enawo ndi kirimu wamba. Onse anayi akanakhala ofiirira, chipinda chikanada ndi kuchepa, makamaka madzulo a kuno pamene phiri labisa dzuwa msanga.

Za zokongoletsera, ndinadziikira lamulo loti chilichonse cholowa pabalaza chikhale ndi ntchito kapena chikhale ndi mwini wake amene tikumudziwa. Sindinafune kuti nyumba ioneke ngati pogulitsira ziboliboli panjira ya ku Ku Chawe. Kalipentala wa pafupi ndi msika wa Mpondabwino anatenga mitanda ya bulugamu ya denga lakugwa lija, kuzula misomali, kuipala pang'ono n'kupanga tebulo lalifupi ndi shelefu. Mabowo a misomali ndinamupempha kuti asawatseke, iye n'kundiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anamvera, ndipo anapaka mankhwala a chiswe asanapake vanishi. Bambo, dzanja lanu ndi labwino. Pakhomapo tapachika malichero atatu osiyana kukula ndi nsengwa imodzi, zogula kwa agogo ena mumsika waukulu wa Zomba, ndipo lichero lalikululo limatsika ndithu tsiku lopeta mpunga. Pansi pali mphasa imene alamu anabwera nayo kuchokera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Mtondo wa malemu mayi anga, umene unang'aluka sungasinjenso, waima pakona ndipo timaikamo maambulera. Mtsuko wa apongozi uli ndi madzi akumwa, ozizira bwino ngakhale magetsi atazima. Zansungwi ndi zamlaza zonse tinaziyanika padzuwa n'kuzipaka vanishi yopyapyala kuti zisafumbwe.

Munthu wina anandibweretsera bokosi lonunkhira bwino, akuti la mkungudza, pamtengo wotsika. Ndinakana. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu ndipo m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mwakuba. Ine amene khoma langa linagwa ndi madzi otsika m'phiri lometedwa mitengo, sindikanagona nalo m'nyumba bokosi limenelo.

Ndikudziwa kuti si onse amene mwakonda. Mlendo wina atalowa anayang'ana khoma, kuyang'ana ine, n'kufunsa mwachifundo kuti penti yomaliza tidzapaka liti. Ena amati tinathawa zakumudzi kudzakhala m'tauni, nanga bwanji kuzibweretsanso pabalaza? Sindikukangana nanu, aliyense ndi diso lake. Koma mukadzapeza mpata yendani wapansi kumtunda kuja, cha ku hotela ya Masongola, nyumba ija inamangidwa mu 1886, ndi maofesi akale a boma a nthawi imene Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975. Muone m'mene njerwa ndi makoma akumeneko zinasinthira mtundu ndi mvula ndi dzuwa, pena podera, pena powala. Ine mtundu umenewo umandikhazika mtima pansi kuposa gulosi. Bambo a kunyumba, amene munagonja pa mkangano wa penti koma n'kugwira makwerero ntchito yonse osadandaula, ndakumvani dzulo mukufotokozera anzanu za kutembenuza nsanza ngati munayambitsa ndinu. Zikomo, bambo.

Loweruka likubwerali masana kudzakhala tiyi ndi zitumbuwa kunyumba kuno, abusa adzayamba ndi pemphero. Mipando ndi yochepa, amene muli pafupi nyamulani wanu. Pali mabanja awiri kumtunda kwathu amene mpaka pano mbali ina ya nyumba yawo ndi yotchinga ndi lona, ndipo njerwa zathu zotsala, mchenga ndi theka la ndowa ya pulaima zikupita kumeneko. Anyamata a kwaya, ndidzakufunaninso ndi wilibala. Amene mukufuna kuyesa kapakidwe aka, hadibodi ija ilipo ndi nsanza zake, bwerani mudzadetse manja musanagule penti. Komanso kuseri kuno kuli makwerero achitsulo ndi sefa ya mchenga zimene zinabwera nthawi ya chipwirikiti ija, ndipo tafunsa mzere wonse osapeza mwini wake. Ngati ndi zanu, tiuzeni tikubweretsereni.